Porsche ku Kasungu: sevisi yake muziwerengera nyengo, makilomita abwere pambuyo

Funso lachokera kwa bambo wina wochita malonda a fodya ndi soya ku Kasungu. Anaitanitsa Porsche Cayman S ya 2014 kuchokera ku Japan, inatsikira pa doko la Dar es Salaam, ndipo pano yayenda makilomita 62,000. Amaitulutsa Loweruka kapena Lamlungu, mwinanso ulendo wa ku Lilongwe mwa apo ndi apo. Masiku ena onse amayendera pikiapu. Makaniko amene amawakonzera magalimoto enawo akuti oyilo azisintha pa makilomita 5,000 aliwonse, ndipo azithira 20W-50 chifukwa kuno n'kotentha. Galimotoyo payokha ikuonetsa pa dashibodi kuti sevisi idakali kutali. Mnzawo wina akuti asalole munthu wa kuno kuigwira, azipita nayo ku Johannesburg. Akufunsa kuti amvere ndani.

Zikomo bambo. Pa malangizo atatuwo lililonse lili ndi pena pamene lalondola, koma mukatsata limodzi lonse lathunthu mudzalira nalo. Ndiyambe ndi la makaniko wanu, chifukwa ndi limene lingakupwetekeni msanga.

Oyilo wa 20W-50 asayandikire galimoto imeneyi. Sindikumunyoza mkuluyo, pa pikiapu yakale imene injini yake inatha kale, oyilo wolimba amatseka mipata ndipo utsi umachepa, choncho iye akulankhula zimene waziona zikugwira ntchito. Koma injini yanu ndi ya mtundu wina. Ndi ya malita 3.4, masilinda 6 ogona chammbali, atatu uku atatu uko, ndipo ili pakati pa galimoto, kuseri kwa mipando. Mipata ya m'kati mwake ndi yaing'ono kwambiri, komanso oyiloyo sangofewetsa zitsulo ayi. Ndi amenenso amakankha zipangizo zosintha nthawi ndi kukula kwa katsegukidwe ka mavavu, zimene a Porsche amazitcha VarioCam Plus. M'mawa wa mu June kapena July ku Kasungu, kuja kumachita chisanu mpaka mano kugundana, oyilo wolimba amachedwa kufika kumitu ya injini. Zili ngati kumwa phala la mgaiwa ndi kapaipi ka juwisi. Masekondi ochepa amenewo, pamene zitsulo zikukhulana zouma, ndi pamene injini imadyeka kuposa ulendo wonse wa ku Lilongwe.

Za kutentha kwa dziko lathu musade nazo nkhawa posankha oyilo. Nambala yachiwiri ija, 40 kapena 50, imanena za kulimba kwa oyilo pa madigiri 100, ndipo injini ikatentha imadzisunga pafupi ndi pamenepo kaya kunja kuli dzuwa la October kaya mvula. Chimene mufune pa chigubu ndi mawu akuti Porsche A40, chizindikiro chakuti a Porsche anauvomereza, pa oyilo wa synthetic wa 0W-40 kapena 5W-40. Pasakhale pongolembedwa kuti ndi wabwino pa magalimoto a ku Ulaya; pakhale A40 yeniyeniyo. Amalowa malita pafupifupi 7.5 mukasintha ndi fyuluta yomwe, choncho gulani 9 kuti wotsalayo akhale wowonjezera. Gulani wotseka bwino kwa ogulitsa odziwika. Oyilo wachinyengo alipo pamsika, wothiridwa m'zigubu za mayina apamwamba, ndipo mtengo ukatsika modabwitsa dziwani kuti pali chifukwa.

Galimotoyi ilibe kandodo koyezera oyilo. Mumayeza pa dashibodi, injini itatentha, galimoto itaima pamalo osapendekeka, ndipo pothirira pali m'buti yakumbuyo. Ikapempha oyilo, thirani pang'onopang'ono, theka la lita kapena kuchepera, mudikire, muyezenso. Kudzadzitsa n'koipa ngati kuchepetsa: oyilo wosefukira amakokedwa kupita kunjira ya mpweya, galimoto n'kuyamba kufuka utsi woti anthu a pa depoti aziloza.

Tsopano za dashibodi. Kompyuta imeneyo imawerenga makilomita ndi masiku kuchokera pamene munthu wina anaibwezera pa ziro, ndipo inu simukudziwa kuti ku Japan anaibwezera liti, kapena ngati anasinthadi oyilo asanabwezere. Fumbi la ku Chulu kapena la njira ya ku Lifupa kompyutayo siiliwona. Komanso onani ichi: pa injini yomweyi, buku la ku Ulaya limati makilomita 30,000 kapena zaka ziwiri, pamene la ku America limati oyilo asinthidwe pa mamailo 10,000, amene ndi makilomita pafupifupi 16,000, kapena chaka chimodzi. Injini imodzi, malamulo awiri. Ndiye kuti nambalazo sizinagwe kumwamba. Zimatengera mafuta, misewu ndi kayendetsedwe ka dziko lililonse. Kwa inu ndikuti kamodzi pachaka, kapena pa makilomita 8,000 mpaka 10,000, chimene chayamba kukwana. Mmene mukuyendera inu, chaka ndi chimene chizikwana poyamba. Kusintha pa 5,000 sikuononga kanthu koma thumba lanu, ndipo ndalama imeneyo ingagwire ntchito yabwino pa mafyuluta a mpweya.

Mwina mungafunse kuti oyilo woti wayenda makilomita 4,000 okha chaka chonse atayidwirenji. Injini yanu imapopera petulo mwachindunji m'silinda. Ikakhala yozizira, petulo wina amatsetsereka m'makoma a silinda n'kukasakanikirana ndi oyilo, ndipo chinyezi nacho chimadzikundikira m'menemo. Zonsezi zimauluka pokhapokha oyilo akatentha bwino kwa nthawi yaitali. Galimoto yongochoka kunyumba kupita kutchalitchi n'kubwerera siyifika pamenepo. Oyilo amaoneka woyera ndithu, koma mphamvu yake yasungunuka.

Sevisi isanakhale ya chaka ndi chaka, pali ntchito imodzi yaikulu yoyambira. Galimoto ya 2014 yadutsa zaka khumi, ndipo ngati mapepala a ku Japan sakuonetsa bwinobwino zimene zinachitidwa, tengani kuti sizinachitidwe. Mapulagi pa injini imeneyi amasinthidwa pa makilomita 60,000 kapena zaka 4, ndiye inu mwadutsa kale mbali zonse ziwiri. Zaka 4 zimenezo zili ndi chifukwa: pulagi ikakhalitsa m'mutu wa aluminiyamu imamatirira, ndipo pomasula ingathe kuchoka ndi mazinga omwe. Pochotsa mapulagi aonenso makoyilo onse 6, amene amapereka moto ku mapulagiwo, chifukwa amakhala mmunsi pafupi ndi ekizozi ndi madzi a mumsewu, ndipo amang'aluka. Madzi a mabuleki, lamba wa injini, mafyuluta onse kuphatikizapo ya mpweya wa m'kati mokhala anthu, ndi oyilo wa giyabokisi, zonsezi zilowe pa ntchito yoyambayi. Ikatha imeneyi mwayamba buku latsopano limene tsamba lililonse mukulidziwa.

Kuchokera pamenepo muziyendera nyengo zathu. Ine ndimalangiza kuti galimoto yotere ikwere pa lifiti kawiri pachaka: kumapeto kwa October mvula isanayambe, ndiponso mu April kapena May ikatha. Ya October ndiyo yaikulu, ya oyilo ndi mafyuluta, chifukwa imabwera pambuyo pa miyezi ya fumbi. Ya April ndi yoyang'ana zimene maenje ndi matope achita pansi.

Fumbi ndiye mdani wamkulu ku Kasungu, ndipo pano ndichedwepo. Mpweya wa injini umalowera m'mabowo a m'mbali aja, patsogolo pa matayala akumbuyo, ndendende pamene fumbi lotukulidwa ndi matayala akutsogolo limadutsa. Mukamatsatira lole ya fodya pa msewu wafumbi, injini ikumeza zonsezo. Fyuluta ikadzadza, mwambo wa m'magalaja athu ndi kuipopera ndi kompulesa n'kuibwezera. Pa galimoto iyi musalole. Mpweya wamphamvu umang'amba timabowo ta pepala timene maso sangaone, ndipo fumbi losalala limayamba kudutsa. Makoma a masilinda anu ndi a aluminiyamu wosakaniza ndi silikoni, wotchedwa Alusil. Akakandika simungapite nawo kwa a makina kuti akaboole n'kuikamo mapisitoni okulirapo monga timachitira ndi injini zachitsulo. Kukonza kwake ndi ntchito ya akatswiri ochepa kunja kwa dziko, ndipo mtengo wake umafika poyerekeza ndi wa galimoto ina. Fyuluta yatsopano chaka chilichonse, ngakhale buku likunena zaka zingapo, ndi inshuwalansi yotchipa kwambiri imene mungagule. Poika aonetsetse kuti labala ya m'mphepete yakhala bwino, chifukwa fyuluta yabwino yokhala mopendama ndi chimodzimodzi kusaika.

Chinthu china chimene eni ake ambiri sachidziwa chili kutsogolo. Ngakhale injini ili pakati, maladiyeta ali m'bampala yakutsogolo, kumanja ndi kumanzere, ndipo patsogolo pake pali makondensa a eyakoni. Mabowo akuluakulu a bampala aja amawola chilichonse: masamba, udzu, mankhusu a chimanga, phulusa la nthawi yotentha tchire, timiyala. Zinyalalazo zimakakhala pakona kumene dzanja silifika, mvula ikabwera zimanyowa n'kuyamba kuola, ndipo zimadya aluminiyamu mpaka kubooka. Mumangoona eyakoni yasiya kuzizira, kenako kulanti akuchepa. Kamodzi pachaka bampala ichotsedwe, kondensa isunthidwe pang'ono, pakati pake payeretsedwe ndi madzi osathamanga kwambiri. Ena amaika kaukonde kachitsulo kuseri kwa mabowowo, ndipo kwa kuno ndimavomereza. Nthawi yomweyo atsegule timipita totulutsa madzi a mvula pansi pa galasi lakutsogolo, pafupi ndi batire. Tikatsekeka, madzi amalowa m'kati n'kukakhala pansi pa kapeti, kumene kuli mawaya ndi timabokosi ta kompyuta. Ngati mumaimika pansi pa mtengo wa mango chifukwa cha mthunzi, ntchito imeneyi muziichita kawirikawiri, kapena mungomanga shedi.

Kulanti akachepa musathire madzi a pa mjigo. Ali ndi mchere umene umamanga m'timipita ta ladiyeta. Wofunika ndi kulanti wofiirira wa mtundu umene buku likunena, wosakaniza ndi madzi osungunula aja timathira m'mabatire. Ndipo kulanti akamachepa ndiye kuti akutulukira penapake. Kawirikawiri ndi pampu ya madzi, chivindikiro, kapena maladiyeta ndatchulawa. Galimotoyi imanyamula kulanti woposa malita 20 chifukwa mapaipi amayenda kuchokera pakati mpaka kutsogolo n'kubwerera, ndipo akakhuthulidwa yense, pobwezera pamafunika chipangizo choyamba chakoka mpweya wonse. Kungothira ndi jagi kumasiya mpweya m'mapaipi, injini n'kutentha muli pakati pa Madisi ndi Mponela.

Nkhani ya petulo ndi imene simungathe kuikonza yonse, koma mungaichepetse. Pa chitseko cha thanki palembedwa 98, nambala ya octane yosonyeza mphamvu ya petulo yokana kugogoda m'injini, ndipo buku limalola kutsika mpaka 95 chifukwa injini ili ndi masensa omva kugogoda, amene amabweza moto m'mbuyo petulo akakhala wofooka. Kuno pa pampu petulo ndi wa mtundu umodzi, simusankha. Zinthu ziwiri zikukuthandizani. Choyamba, petulo wathu amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, zimene dziko lino linayamba mu 1982 ndi fakitale ya ku Dwangwa, ndipo ethanol amakweza mphamvu ya petulo yokana kugogoda. Chachiwiri, Kasungu ili pamtunda woposa mamita 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere. Mpweya wa kumtunda ndi wopepuka, injini yopanda turbo ngati yanuyi imameza wochepa, imataya mphamvu pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi, koma nayonso njala yake ya petulo wamphamvu imatsika. N'chifukwa chake ku South Africa amagulitsa 93 m'madera okwera ngati Johannesburg pamene kugombe amagulitsa 95. Ndiye tsiku limene mwatsikira ku Nkhotakota kunyanja, kotsika ndiponso kotentha, ndi limene injini ili pafupi kwambiri ndi kugogoda. Kumeneko musamaipondereze ili pa giya yapamwamba injini ikuzungulira pang'onopang'ono. Tsitsani giya, izungulire momasuka.

Kuipa kwa ethanol n'kwakuti amakoka chinyezi. Petulo wokhala m'thanki miyezi itatu galimoto ili chiimire amayamba kuonongeka, makamaka nthawi ya mvula, ndipo thanki yokhala theka imatuluka thukuta m'kati. Muziisiya yodzadza ndipo muziyenda nayo kuti mafuta azisinthika. Pa nthawi ya kusowa kwa mafuta, pamene mizere imafika kutali ndipo anyamata a zigubu ali m'mbali mwa msewu, Porsche ikhale pakhomo. Petulo wa m'zigubu simudziwa kuti wasakanizidwa ndi chiyani, palafini kapena madzi, ndiponso chigubucho chinasungapo chiyani. Pampu ya injini yanu imakankha mafuta ndi mphamvu yoposa 100 bar kudzera m'timabowo ting'onoting'ono kwambiri, ndipo fyuluta ya petulo ili m'kati mwa thanki, si yongomasula pa sevisi ngati ya pikiapu. Mukapeza thankala ikutsitsa mafuta pa filing'i siteshoni, pitirirani mubwerenso nthawi ina, chifukwa zinyalala za pansi pa thanki yawo zimakhala zavunduka. Timabotolo tolonjeza kukweza mphamvu ya petulo sindimatikhulupirira kwenikweni. Tambiri timasintha pang'ono zedi, ndipo tina tili ndi zitsulo zimene zimadetsa mapulagi ndi masensa a mu ekizozi.

Kuima ndi kumene kumapha magalimoto otere kuno kuposa kuyenda. Batire imatha pang'onopang'ono chifukwa makompyuta sagona tulo tonse. Ndipo apa pali msampha: batire ili m'buti yakutsogolo, koma butiyo imatseguka ndi magetsi. Batire ikafa simungaifikire. A Porsche anaika kachitsulo kofiira m'bokosi la mafyuzi, mmunsi cha kumapazi, kamene mumakasolola n'kulumikizapo batire ina kuti buti itseguke. Kapezeni lero kudakali kowala, muwerenge m'buku mmene kamagwirira ntchito, musadzakafune tsiku la ukwati mutavala suti. Chabwino koposa ndi tchaja yaing'ono yosunga batire, yoyenera mabatire a mtundu wa AGM ngati ya galimotoyi. Popeza magetsi amazimazima ndipo pobwera nthawi zina amabwera ndi ukali, ilumikizeni kudzera pa choteteza, kapena gulani yoyendera dzuwa.

Makoswe nawo musawaiwale. Inu ndi munthu wa mbewu, ndipo ndikuganiza kuti galaja yanu nthawi yokolola imasandukako nkhokwe. Matumba a soya kapena chimanga asagone chipinda chimodzi ndi galimoto imeneyi. Khoswe amakonda malo otentha obisika, ndipo injini yotsekeredwa pakati pa galimoto, imene mwini wake saiona n'komwe, ndi nyumba yabwino kwa iye. Waya mmodzi wodyedwa pamwamba pa injini angakuzunguzeni mwezi wathunthu.

Ena amati poti galimoto yakhalitsa, ailize mphindi zisanu pakhomo n'kuizimitsa. Kumeneko n'kuwonjezera matenda aja a petulo ndi chinyezi mu oyilo. Ngati mwailiza, yendani nayo. Pasadutse masabata awiri osaitulutsa ulendo wa makilomita 30 kapena 40 pa tala, kulowera ku Chinkhoma kapena ku Mtunthama n'kubwerera. Musaidikire kuti itenthe ili chiimire. Nyamukani mwaulemu, osapitirira 3,000 pa geji ya kazunguliridwe ka injini, mpaka oyilo, osati madzi okha, afike cha m'madigiri 90. Dashibodi yanu imaonetsa kutentha kwa oyilo. Akafika pamenepo mutha kuimasula, ndipo injini imeneyi imasangalala ikamazungulira kwambiri nthawi ndi nthawi.

Za matayala. Akutsogolo ndi akumbuyo ndi osiyana kukula, akutsogolo mamilimita 235 m'lifupi akumbuyo 265, choncho zosinthanitsa kutsogolo ndi kumbuyo palibe. Ngati galimoto inabwera ndi malimu a mainchesi 20, amene amaoneka bwino pa chithunzi, dziwani kuti mnofu wa tayala ndi wochepa kwambiri, ndipo dzenje limodzi la pa M1 nthawi ya mvula lingathe kuphulitsa tayala ndi kupinda limu nthawi imodzi. Malimu a 18 kapena 19 ali ndi mnofu wochulukirapo. Ndikanakhala ine ndikanatsika, maonekedwe n'kuwasiyira a ku Ulaya. Yang'anani kaye mtundu wa mabuleki: zitsulo zofinya madisiki zikakhala zachikasu ndiye mabulekiwo ndi a ceramic, ndi akuluakulu, malimu ang'ono sangalowe, komanso madisiki ake ndi odula koopsa ndipo amabenthuka limu ikawagunda pochotsa tayala. Matayala ovomerezedwa ndi Porsche amakhala ndi chilembo N ndi nambala, ngati N0 kapena N1. Mukalephera kuwapeza, ikani a kampani yodziwika, a saizi ndi liwiro loyenera, ndipo onse anayi akhale a mtundu umodzi. Onaninso zaka zake. M'mbali mwa tayala muli manambala anayi kumapeto kwa mzere woyamba ndi zilembo zakuti DOT: awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka. Tayala loposa zaka 6 lauma ngakhale mapanga ake akuoneka atsopano, ndipo magalimoto ambiri ochokera ku Japan amabwera ndi matayala otere chifukwa kumeneko amayenda pang'ono. Mkati mwa matayala akumbuyo ndi mmene mumatha msanga. Gwadani muyang'ane, kunja kungakunamizeni.

Sipeya tayala mulibe. Muli kabotolo ka mankhwala omata ndi kapampu, ndipo mankhwalawo ali ndi tsiku lothera ntchito limene mosakayika linadutsa kale. Gulani atsopano, muwonjezere timichira tomatira pankchala. Kwa omata matayala m'tauni, imani pomwepo muone. Jeke ili ndi malo ake anayi okha pansi pa galimoto. Kwina konse ndi pulasitiki, mapaipi a kulanti kapena aluminiyamu. Mabawuti a matayala amamangidwa pa mphamvu ya 160 Nm ndi torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu yomangira. Zoika paipi pa sipanala mnyamata n'kukwerapo ndi mwendo zisachitike. Pa mahampu a m'matauni a m'njira ya ku Lilongwe kwerani chopingasa, tayala limodzi kaye, ndipo madzi osefukira pa msewu musawoloke: mabowo a mpweya aja ali mmunsi, injini ikamwa madzi yatha pomwepo.

Madzi a mabuleki ndi a zaka ziwiri zilizonse, makilomita asawerengedwe. Amamwa chinyezi cha mumpweya. A mtundu wa DOT 4 akakhala atsopano sawira mpaka madigiri 230 kapena kuposa, koma akamwa madzi malirewo amatsikira cha ku 155, ndipo mabuleki a galimoto yothamanga chonchi amafika pamenepo mosavuta. Akawira, phazi limangolowa pansi. Mukatsuka galimoto, yendani nayo pang'ono mukuponda mabuleki kuti madisiki aume musanaitsekere.

Nanga aigwire ndani? Mnzanu wa ku Johannesburg uja walondola pa chinthu chimodzi: kuno kulibe dila wa Porsche, ndipo kompyuta yawo yotchedwa PIWIS siipezeka paliponse. Koma kuchokera ku Kasungu kukafika ku Johannesburg ndi makilomita pafupifupi 2,000, kudutsa m'malire angapo ndi misewu imene ingaononge zambiri kuposa zimene mukukakonzetsa. Kupita konseko chifukwa cha oyilo ndi kuseweretsa ndalama. Oyilo, mafyuluta, mapadi, madzi a mabuleki, kuyeretsa maladiyeta, ngakhale mapulagi, makaniko wosamala wa kuno angathe, bola akhale ndi pokwezera galimoto pabwino, torque wrench, malo oyera osauluka fumbi, ndi mtima wofuna kuwerenga asanamasule. Muyeseni ndi mafunso ochepa: jeke aika pati, oyilo ayeza bwanji, bawuti yotulutsira oyilo aimanga ndi mphamvu yanji. Amene ayankhe kuti ayamba waona m'buku ndiye wabwino. Amene anene kuti galimoto ndi galimoto basi, apitirize ndi pikiapu. Makaniko wanu wakaleyo musamutaye. Mupatseni mapepala a galimotoyi, mugule zipangizo zoyenera, mukhale naye pa sevisi yoyamba. Munthu wokudziwani amene ali pafupi ndi wofunika tsiku limene galimoto yakana kulira.

Giyabokisi ndi nkhani ina. Ngati yanu ndi PDK, ya magiya 7 ndi makilatchi awiri, ili ndi oyilo wa mitundu iwiri, wa makilatchi ndi wa magiya, ndipo mulingo wake umayezedwa pa kutentha kwake kwake kompyuta italumikizidwa. Oyilo wa otomatiki wamba asalowemo. Ntchito imeneyi, pamodzi ndi kusintha kulanti yense, alayimenti ya matayala onse anayi, ndi chilichonse chofuna kuwerenga makompyuta, pitani nayo ku Lilongwe kwa odziwa magalimoto a ku Germany, ndipo funsani kaye ngati makina awo amalankhula ndi Porsche, osati kungofufuta nyali. Johannesburg isungireni tsiku limene injini kapena giyabokisi ikufuna kutsegulidwa, ndipo tsiku limenelo galimoto ipite itakwera lole. Mukamawerenga pa intaneti mudzakumana ndi nkhani yoopsa ya IMS bearing, kachipangizo ka m'kati mwa injini kamene kakaonongeka kamaononga injini yonse. Imeneyo ndi ya injini zakale za chaka cha 2008 kubwerera m'mbuyo, yanuyi ilibe chipangizo chimenecho, gonani tulo.

Chovuta chenicheni kuno si manja, ndi zipangizo. Palibe chimene mudzachipeze pa shelefu ku Kasungu, ndipo ku Lilongwe n'zamwayi. Zonse n'zoitanitsa ku South Africa, ku UK kapena ku Germany, ndi ndalama zakunja zimene n'zosowa, kuwonjezapo msonkho wa MRA. Amene anali ndi galimoto zotere mu November 2023, pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti, anaona mitengo ya zipangizo ikudumpha usiku umodzi. Choncho sevisi ya October iyambe kukonzedwa mu July. Poitanitsa tumizani nambala ya chasisi yonse, zilembo 17, osangoti Cayman ya 2014. Sikuti chilichonse chikhale m'bokosi lolembedwa Porsche. Makampani ngati Mahle, Mann ndi Bosch ndi amene amapangira mafakitale a magalimoto a ku Germany zinthu zambiri zotere, ndipo m'bokosi lawo mtengo umatsika. Pakhomo pazikhala mafyuluta awiri a oyilo ndi malabala ake, mawashala a bawuti ya oyilo, mafyuluta a mpweya, lamba, koyilo imodzi kapena ziwiri, ndi mapadi. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Chipangizo chimene chili m'sitolo ku Johannesburg sichingakuthandizeni Loweruka masana. Chilichonse chochitidwa chilembedwe m'kabuku, tsiku, makilomita, mtundu wa oyilo, ndipo malisiti asungidwe, chifukwa tsiku logulitsa kabuku kameneko kadzalankhula kuposa penti. COF musaiyese sevisi. Oyeza aja amaona ngati galimoto ili yoyenera pamsewu, za m'kati mwa injini sizikuwakhudza.

Kautsi kochepa poliza m'mawa, kamene kamatha m'masekondi ochepa, kamachitika pa injini zogona chammbali ndipo si matenda. Koma utsi wosatha, oyilo woyamba kuchepa msanga kuposa kale, kapena kugogoda kwa tiki-tiki kumbali imodzi injini itatentha, zimenezo zikufuna kamera yolowetsa m'silinda mwamsanga. Nyali ya injini ikayaka n'kukhazikika mutha kufika kunyumba mwapang'onopang'ono. Ikamaphethira, kapena ikayaka yofiira ya oyilo kapena ya kutentha, patukani muzimitse pomwepo ngakhale patsala makilomita awiri. Ndipo yokhala ndi PDK isakokedwe ndi chingwe kuseri kwa pikiapu, chifukwa injini ikazima pampu ya oyilo wa giyabokisi nayo yaima. Pezeranitu nambala ya munthu wa lole yonyamula galimoto, mumufunse ngati ali ndi matabwa aatali okwerera, popeza mphuno ya Cayman siikwera pa malata otsetsereka kwambiri osakhula pansi.